Mabulaketi akudzitseka okha, ankhoswe akwiya

Aphungu,

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina la alimi a nandolo kuno ku Chiringa. Tili ndi wiki, tsamba la pa intaneti pomwe tonse timalembapo malangizo a ntchito ndi makhodi, malamulo olembera kompyuta, a pulogalamu yolembetsera alimi. Kale makhodiwo ankangooneka ngati nyerere, ndipo ukaiwala kutseka bulaketi limodzi, tizizindikiro tiwiritiwiri tija totsegula ndi kutseka mawu, tsamba lonse linkasokonekera. Ndiye mwezi watha ndinaikamo pulagini, kachida kowonjezera komwe kamapaka makhodi mitundu, kutseka mabulaketi ndi kufiiritsa polakwika.

Vuto ndi a Eneya, akulu athu pantchito. Tsiku loyamba atatsegula bulaketi, linzake linangotulukira lokha. Anakankha mpando n'kuimirira: "Ndani akulemba nane muno?" Ndinawafotokozera, koma ataona ndime yawo yonse ili psuu pomwe yanga ili bwinobwino, anati, "Mwana iwe, makinawa wawauza chiyani za ine?"

Lachitatu anabwera ndi amayi atatu a mapemphero. Laputopu anaisanjika manja mpaka batire kutha, iwo n'kumati chiwanda chatuluka. Titaitchaja chinabwereranso. Pano makhodi awo amalemba papepala, n'kujambula ndi foni, n'kuika chithunzicho pa wiki. Anzathu a ku Nazombe akumakopera pamanja n'kumalakwitsa, moti sabata yatha pulogalamu inalembetsa mbuzi ya mayi wina ngati mlimi wa maekala awiri.

Aphungu, a Eneyawa ndi malume ake a Zikomo, chibwenzi changa, ndipo ndiwo ankhoswe. Akuti sangalandire mkazi woweta zinthu m'makina. Chinkhoswe ndi mwezi wamawa. Ndichotse pulaginiyo?

J.M., Chiringa

Mwana wanga J.M.,

Usaichotse, ntchito yake ndi yabwino. Koma nawenso unaphonya. Chida chogwiritsa gulu sumangosintha mwakachetechete ngati ukusuntha mphika wa kwanu.

A Eneya sakuopa ziwanda. Munthu wamkulu wafiiritsidwa ana akuona, ndi manyazi amenewo. Apeze ali okha, upepese kuti sunawadziwitse. Kenako ulembe khodi yolakwika dala, aone ndi maso awo kuti nawenso pulaginiyo imakufiiritsa osakumvera chisoni. Uwatsegulire posankhira mitundu, asankhe okha. Akafuna kuti zolakwa zawo zizioneka zachikasu, zisiye, sizikuluma. Zotseka mabulaketizo uzimitse kumbali yawo mpaka adzazipemphe okha.

Ukatero lemba tsamba lalifupi pa wikipo lofotokoza zomwe pulaginiyo imachita, ndipo pakhale pena poyeserera pomwe munthu angalakwitse popanda mboni. Mbuziyo ifufute lero, isanaitanidwe ku msonkhano. Zikomo usamulowetsemo, mkangano wa kuofesi ukalowa m'banja sutuluka.

Chenjezo langa: chinkhoswe chisanadutse, usaikemo kanthu kena katsopano. Ndamva kuti kuli pulagini ina yomwe imawerenga zolembazo mokweza ndi mawu a mzimayi. Imeneyo ikadzalankhula muofesimo, usadzandilemberenso.

Aphungu