Bango la Anamzeze pa Dimba la Amayi

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Kawale tilipo. Ndachedwa kukulemberani chifukwa ndinkafuna kuti nkhani ya bango ipse kaye, poti inu nkhani yosapsa simunkailandira.

Ndiyambe ndi zapakhomo. Mdzukulu wanu Esinati anachira mwezi wa Ogasiti, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mpongozi wanu Nabanda mwendo uja ukumuvutabe, koma ku msika wa Chilinde sajomba. Chimanga tinakolola chokwanira, ngakhale anankafumbwe atengapo gawo lawo. Dimba lanu lija la kumtsinje, moyang'anana ndi Biwi, ndikulilimabe. Mpiru wachita bwino, matimati akana.

Mbalame zafika mwa dongosolo lake lomwe lija. Mphamba ndiye anayamba, nthawi ya mphepo ya fumbi, ndipo analonjera potenga anapiye awiri a Nabanda. Atchete aluka zisa zawo m'mphepete mwa madzi. Otsala anali anamzeze, alendo anu aja amene amagona m'bango la kumunsi kwa dimba. Munkati, “Mlendo wobwera ndi mvula samupsereza pogona.” Chaka chino pogona pawo panatsala pang'ono kupsa, ndipo mwini nkhaniyo mukumudziwa.

Ndikunena a Chikafa, amene anali wapampando wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Simunaiwale magalasi oonera kutali amene anandisiyira mzungu wa ku ofesi kwathu pobwerera kwawo, yemwe anandiuza kuti anamzeze amenewa amachokera ku Ulaya, kuthawa chisanu. A Chikafa atandiona nawo kudambo sanandifunse kanthu. Anapita kukanena kuti ndine kazitape, ndikusuzumira msewu wodutsa akuluakulu. Anyamata a chipani anandigwira pamaso panu, naswa diso limodzi la magalasiwo. Dzinja lonse ndinagona pa simenti ya m'ndende, inu mukuyenda wapansi kudzandiona. Ntchito anandibwezera, koma kukwezedwa kunathera pomwepo. Ndinapuma ndili kalaliki wamba, anyamata amene ndinawaphunzitsa kugwira cholembera akundisainira kalata yotsanzika.

Inu munatisiya matipate asanabwere, choncho simunaone zodabwitsa. A Chikafa anasintha chipani monga munthu asinthira malaya, ndipo mpando anaupezanso. Mwezi wa Sepitembala wapitawu ndinapeza zikhomo zakhomedwa kuzungulira bango lonse. Ati malowo awagawira anthu oumba njerwa. Ndinazula zikhomozo chimodzichimodzi, ndinazichotsa dothi, ndinazimanga bwino ndi luzi, n'kukazitula pakhonde pa a Chikafa iwo akumwa tiyi.

Anati, “A Phiri, uno ndi ufulu. Malo sangagonere mbalame anthu akufuna kumanga nyumba.”

Ndinati, “Dimba ndi bango lake ndi za mayi anga. Katundu wanu ndi uyu, muwerenge ngati wakwana.”

Anaseka, nati, “Mukadali ndi zakale zija eti? Zinapita zimenezo, achimwene. Tonse tinavutika nthawi imeneyo.”

Ndinati, “Inu munavutikira pampando, ine pa simenti. Ndipo sindine mchimwene wanu.”

Ndinadziwa chimene chidzatsatire. Mu Okutobala dambo limapsa ndi moto wa osaka mbewa, ndipo palibe amene amafunsa woyatsa. Bango likangopsa, a Chikafa akanapita kwa amfumu kukanena kuti malowo ndi phulusa lopanda mwini. Koma iwo khasu sanaligwirepo m'dambo limenelo, choncho sankadziwa chimene inu munkachita chaka ndi chaka: kulambula njira yotakata kuzungulira bango, kukokera zinyalala kutali, n'kunyowetsa m'mbali mwake ndi madzi a m'chitsime cha padimba. Ndili mnyamata ndinkadandaula kuti tikulimira mbalame. Munkangoti, “Lima, pakamwa sipazimitsa moto.”

Ndinalima, Amayi, ndi msana wanga uno. Tsiku lachiwiri anabwera Anachisale, mnzanu woluka mphasa uja, ndi amayi ena amene amadula bango limenelo anamzeze akachoka. Anati, “Bambo Phiri, khasu mukuligwira ngati cholembera. Sunthani uko.” Njirayo tinaimaliza pamodzi, ndipo ndinaiyendera ndekha kufuna kuona ngati patsala udzu wolumikiza mbali ziwirizo. Pamene ndinaupeza ndinauzula ndi manja.

Moto unabwera masana a Loweruka lina, dzuwa lili paliwombo. Unathamanga m'udzu wouma, nufika pa njira yathu, nuima. Kenaka mphepo inautembenuzira kumtunda, kumene anthu a njerwa anaunjika nkhuni zootchera uvuni wawo, ndipo zinapsa zonse. Anthuwo akuti sabweranso, ndipo akuwasowetsa mtendere a Chikafa. Ambiri akundiuza dzina la amene anatuma woyatsa motowo. Ine sindinaone, choncho sindinena. Sindineneza munthu pa chinthu chimene maso anga sanachione, ndipo kusiyana kwa ine ndi a Chikafa kwagona pamenepo.

Anamzeze afika sabata yathayi, mitambo itayamba kusonkhana chakum'mawa. Poyamba anali ochepa pa mawaya a magetsi, otopa, nthenga zili nyankhalala. Tsopano madzulo aliwonse amadzaza thambo la pamwamba pa dimba, amazungulira motsika ngati utsi, kenaka amagwera m'bango onse pamodzi, mpaka bango limawerama. Kuzungulira konse n'kwakuda ndi phulusa, koma pakati pali chilumba chanu chobiriwira chikulira ndi mbalame. Ndinaima pamene munkaima inu, pafupi ndi chitsime, ndi magalasi anga a diso limodzi. Esinati wakhala akundiuza kuti ndikawakonzetse m'tauni. Ndakana. Diso lotsalalo limaona mbalame, loswekalo limakumbukira.

Dzulo ndili pomwepo ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga. Anali a Chikafa, nsapato zawo zoyera ndi phulusa. Akalamba, Amayi. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenaka anati, “Kodi a Phiri, mumaonamo chiyani kwenikweni m'magalasi amenewo?”

Ndinati, “Funso limenelo mukanandifunsa tsiku lija musanapite kukandinenera, bwenzi nditakupatsani kuti muone nokha.”

Anatambasula dzanja pang'ono. Ine magalasi sindinawachotse kumaso. Ndikudziwa kuti inu mukanati ndiwabwereke, poti munali ndi mtima umene ine sindinatengere. Abusa nawonso anandiyendera za kukhululuka. Ndinawauza kuti wokhululukidwa amayamba watchula chimene analakwa, ndipo a Chikafa mpaka lero akuti inali nthawi. Nthawi sinapite ku ofesi ya chipani kukatchula dzina langa. Amene anapitako ndi munthu, ndi miyendo yake.

Ndikulonjezani ichi: chaka chilichonse, dzuwa la Sepitembala likayamba kuuma udzu, njira ija idzalambulidwa. Msana ukadzakana ndidzakhala pa chitsa n'kumaloza, ndipo kamtsikana kotchedwa dzina lanu kadzakula kakudziwa kuti bango limenelo lili ndi eni ake awiri, inu ndi alendo anu. Zikhomo zikadzakhomedwanso ndidzazulanso, ndipo luzi lomangira ndasunga kale.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene sanasinthe malaya,

Wilisoni