Mikeka Yanu Yamveka pa Wailesi

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno kwa Mlolo tilipo, kutentha ndi kuja mukukudziwa. Madzi chaka chino anafika pa mtengo wa masau n'kubwerera, ndiye mapira tapeza, mbatata za kudimba nazo zachita bwino. Mpongozi wanu Lute anachira mwezi wa Juni, mwana wamkazi, mphumi yake ngati yanu. Mbuzi yanu yakuba ija ikadalipo, dzana inandidyera sopo.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya gulu lanu la mikeka. Ndakhala osakulemberani chifukwa cha manyazi. Chimwalirireni inu, wogula wa ku Bangula uja anasiya kubwera, ati ankadziwana ndi inu, osati ife. Mikeka inaunjikana m'nyumba mpaka chiswe chinayamba kuilawa. Amayi anayi anasiya kuluka n'kupita kutsidya kukapalira nzimbe, ndipo a Nyamphinga, anzanu a pamtima aja, anandiuza pamaso kuti ikatha miyezi iwiri popanda wogula, gulu lithe. Tsiku limenelo sindinadye.

Ine ndi uphunzitsi wangawu ndinati ndithana nazo. Ndinatsegula tsamba la pa intaneti, loti munthu aziona pa foni ali kulikonse. Ndinaikapo chithunzi cha mayi aliyense ali ndi mkeka wake, n'kulitcha Mlaza wa Amayi. Kenaka ndinakhala pansi kudikira. Aaa, kuli zii! Masabata asanu wolitsegula ndinali ine ndekha, mwina ndi amuna anga pondimvera chisoni. Munkanena inu kuti mkeka wopinda kuseri kwa chitseko sudzigulitsa wokha. Tsamba langa linali chimodzimodzi.

Amalume a Zuze, alongo anu, ndi amene anati tikalengezetse pa wailesi ya m'dera mwathu muno, uthengawo uzibwera akangotha mauthenga a maliro. Ndinawaseka, Mulungu andikhululukire. Ndinati amalume, omvera wailesi kuno ali ndi timafoni ta mabatani, mkeka amaluka okha, adzagula chiyani? Nanga malonda kuwagundaniza ndi maliro, si tsoka limenelo? Iwo anangoti nthawi imeneyo ndi yokhayo yomwe ngakhale wolima amaimika khasu kuti amve ngati wapitayo ndi wachibale. Ndinavomera chifukwa nzeru zinali zitandithera.

Uthenga tinaulemba m'Chimang'anja ndi m'Chisena, waufupi: dzina la tsamba katatu, kenaka mayina a oluka onse amene zithunzi zawo zili pamenepo, ndi osiya aja omwe. Mayinawo ndinaikapo pongofuna kuwapatsa ulemu, basi.

Amayi, mukanaona! A Nyamphinga atamva dzina lawo pa wailesi anasiya ndiwo pamoto n'kuimbira mwana wawo wa ku Blantyre kuti atsegule, awaone ngati anatuluka bwino pa chithunzi. Enanso chimodzimodzi, uyu ku Lilongwe, uyu ku Beira, uyu ku Joni. Ngakhale amene sali m'gulu ankaimbira ana awo kuti taonani anansi athu ali pa intaneti. Anawo ataona amayi awo anatumizira anzawo a kuntchito ndi kutchalitchi, ndipo foni yanga inayamba kulira ndili m'kalasi mpaka ahedi anandiyang'ana ndi diso loipa. Wina akufuna mikeka ya pa chinkhoswe, wina yoyala pa malo ogona alendo. Mayi wina wa ku Zomba anati akufuna ya mzere wofiira m'mphepete, chifukwa agogo ake a kwa Nyachikadza ankagonera wotero. Mzere wanu uja, Amayi.

Ndinapita kwa amalume ndi nkhuku kukapepesa. Anailandira uku akuseka mpaka kutsokomola. Pano dzina la tsamba talembetsanso pa zikwangwani ziwiri, china kumsika, china padoko pomwe anthu amakhalitsa podikira bwato.

Mavuto sangalephere, walira mvula walira matope. Mlaza wayamba kusowa pafupi, ndipo netiweki ndimakaipeza pa chulu cha kusukulu. Koma atatu mwa osiya aja abwerera. Achinayiwo akuchita manyazi, ndiwatsatira Lamlungu tikaweruka ku mapemphero.

Lachiwiri lapitali tinakumana pakhonde panu kusoka mikeka ya ku Zomba. Ine ndinakhala kumapeto monga mwa masiku onse. A Nyamphinga anaimirira, kundigwira dzanja, n'kukandikhazika pa nsanamira paja munkatsamira inu, pomwe palibe anakhalapo chichitikireni maliro. Anathokoza m'Chisena, amvekere, "Takhuta, mwanawe. Mawu anga aja oti gulu lithe ndameza." Ndinakhalapo, Amayi, musandikwiyire. Ndinalira ngati kamwana, koma mtima unakhala pansi.

Gonani mwamtendere, gulu lanu silitha ine ndili moyo. Ndipo msoko wanga wokhota uja munkandikalipira nawo ndiuwongola, popeza pamalo panu sipangakhale munthu wosoka mokhota. Ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati