Chitini cha makapisozi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Nairobi tili bwino, kungoti kukuzizira. Tinasamukira ku Kasarani, ndipo mkamwini wanu akadakanganabe ndi makondakitala a matatu, maminibasi a kuno, m'Chiswahili chawo chothyokathyoka. Mdzukulu amene munamusiya ali m'mimba uja anabadwa wamkazi, tinamutcha dzina lanu. Wayamba kuyenda, ndipo liuma lake ndi lanu lenileni.

Nkhani yaikulu ndi ya dziwe la nsomba lija munakumba ndi manja anu kudimba. Analitenga ndi Yohane, chitsirizira wanu. Chaka chatha anandiimbira foni, akuti makumba ayamba zilonda ndipo m'mawa uliwonse ena akuyandama chagada. Amalume anali atanena kale kuti nsomba zikakanika, dziwelo alikwirira adzalepo nzimbe. Yohane anati wapeza chitini chanu pamwamba pa kabati, akufuna athire mankhwala onse m'madzimo.

Chitini cha mkaka chija, Amayi, chodzaza makapisozi ofiira ndi achikasu a pamsika. Nkhuku ikazyolika, kapisozi. Mwana akatsokomola, kapisozi. Munkati, "Kapisozi sanama." Sindikukudzudzulani ayi. Chipatala chinali kutali, ndipo munatilera ndi chimene munali nacho. Koma sindiiwala zimene adokotala anatiuza mutagonekedwa ndi bala la pamwendo lija, kuti tizilombo take tinazolowera mankhwala, akabaya jakisoni sitikumva. Mawu amenewo amandipwetekabe.

Mukudziwa kuti bungwe limene ndimagwirako ntchito limaona za ulimi wa nsomba. Linanditumiza ku Norway kukaona alimi a salimoni, nsomba yofiira mnofu, yotalika ngati mkono wa munthu, imene amaiweta m'makola a maukonde m'nyanja yamchere. Nawonso kale anali ngati inu, ankasakaniza mankhwala m'chakudya cha nsomba mpaka matenda ena anasiya kumva. Ndiye anasintha n'kuyamba kutsekera matenda pakhomo. Mukanaseka mpaka misozi: kansomba kalikonse amakabaya katemera, kamodzikamodzi, ngati ana kusikelo. Sazithithikiza m'khola. Akakolola, malowo amawasiya apume. Ngakhale ine mlendo sanandilole kulowa ndisanaviike nsapato m'madzi a mankhwala. Masiku ano mankhwala ochizira amangowagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo.

Ndinamuuza Yohane kuti katemera ife tilibe, koma zinazo tingathe. Nsomba zakufa azikwirire kutali, zamoyo azivuule, madzi awaphwetse, dziwe liume mpaka ling'aluke, kenako awaze laimu. Mbewu yatsopano ayambe waisunga m'kadziwe kapadera, aone ngati ili bwino, ndipo asaikenso yambiri ngati kale. Ukonde wobwereka kwa anzake auyanike padzuwa asanauponye m'madzi.

Anakwiya, Amayi. Anati za Azungu ndizisiye ku Nairobi konkuno, n'kudula foni. Patapita masiku ndinamva kwa mlamu wanga, mkazi wake, kuti waphwetsa madzi, akung'ung'udza. Anthu odutsa ankamuseka kuti dziwe la malemu lasanduka bwalo la mpira, ndipo amalume anayamba kufunsa kumene kukupezeka mbewu ya nzimbe. Ineyo ndinkakwera matatu kupita kuntchito ndikudzifunsa kuti zikakanika ndidzamuyang'ana bwanji mlongo wanga, popeza makumba si salimoni. Chimene chinandigwira ndi mawu anu aja, mukamatiletsa kuvundukula mphika wa mbatata: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwezi wathawu akolola. Nsomba n'zochepa poyerekeza ndi kale, koma zonenepa, zopanda chilonda. Amalume anadya nawo, ndipo za nzimbe sakuzitchulanso. Yohane anayanika zina n'kupatsira mtsikana wa kumpingo kwathu amene amaphunzira kuno. Nyumba yonse inanunkhira kwathu, moti a pakhomo loyandikana anabwera kudzafunsa chimene ndaphika. Mdzukulu wanu anadya mpaka kunyambita zala. Ine ndinalira pang'ono, koma kunali kulira kokoma.

Pepani, makapisozi anu aja Yohane anakawasiya kuchipatala kuti akawataye. Chitini chokha anakana kutaya. Anachitsuka, ndipo chinabwerera pamalo pake pamwamba pa kabati. Tsopano muli mbewu ya maungu anu aja.

Pa tchuthi cha Khirisimasi tikubwera kumudzi. Ndidzasesa pamanda panu, kenako ndidzamutenga mnzanu wa dzinayu kupita naye kudimba, akaone chimene agogo ake anakumba.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike