Agogo Atisiya Lachiwiri

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno ku Leicester tilipo, kuzizira n'komwe kuja munkati ndimakokomeza. Kumudzi achimwene a Yohane akuti chimanga chachita bwino m'munda wanu wa kudambo, kungoti mbuzi za a Nachisale zinadyako mizere iwiri ndipo mpaka lero sakulankhulana. Ine ndikadali konkuja kosamalira okalamba. Bondo lamanzere layamba kulankhula ndikamakwera masitepe, koma ntchito ndikugwira.

Mdzukulu wanu Tadala uja anakwatiwa ndi Rohan, mwamuna wachihindu wa ku Belgrave, konkuno ku Leicester. Musadzidzimuke, ndinadzidzimuka kale m'malo mwanu. Ndi munthu waulemu, ndipo mbale amatsuka osauzidwa. Chaka chatha Tadala anabereka mwana wamkazi n'kumutcha dzina lanu, Esinati. Mphuno ndi yanu, ukali nawonso ndi wanu.

Koma mukudziwa chimene chakhala chikundidya zaka zisanu zonsezi. Maliro anu sindinalire. Inali nthawi ya mliri ija, ndege sizinkauluka. Ndinakuperekezani pa foni ya a Yohane, nditabisala m'chipinda chochapira kuntchito, netiweki ikudukaduka. Bokosi likutsika, belu la wodwala linalira, ine n'kupukuta m'maso n'kupita kukamudyetsa phala. Tsiku lometa abale onse anameta, ine ndinali pa shifiti nditavala wigi. Munkanena kuti maliro osameta amakhala pakhomo ngati mlendo wosatsanzika. Kwa ine akhaladi, Amayi, ndipo ndakhala ndi manyazi ngakhale kukulemberani.

Tsono mverani zimene zandichitikira.

Tadala Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi. Chibadwire Esinati, Tadala wayamba kuyesetsa, akuti mwana azimvako. Tsiku lina ndili m'basi anandiimbira, n'kunena monyadira kuti, "Mami, agogo a Rohan atisiya Lachiwiri. Tikupita ku India kukameta. Ndakubukirani kale tikiti."

Agogo amenewa, a Kamla, ndinkawadziwa. Anakhala ku Belgrave zaka ziwiri kwa mwana wawo, kamunthu kochepa kokonda kutsina ana masaya. Sitinkamvana chilankhulo, koma tikakumana ankandidzaza maswiti m'chikwama. Ndinagwira pakamwa m'basi momwemo. Inu Amayi, munthu akakuuzani kuti agogo atisiya, tikukameta, mungamve chiyani?

Madzulo ndinapita kukapepesa. Ndinapeza Rohan akuonera mpira. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko, n'kunena chapansipansi kuti pepani apongozi, ndamva za agogo. Iye anandiyankha m'Chingerezi, maso ali pa mpira, kuti, "Musadandaule Mami, ali bwino kumene aliko. Kuno chifuwa chimawavuta, koma kumwamba kuja mpweya ndi wabwino." Ndinati mumtima, chikhulupiriro chotere ngakhale abusa athu alibe. Sindinafunse zambiri, pakuti munandiphunzitsa kuti wofedwa safunsidwa mafunso. Munaiwala kundikumbutsa mwambi winawo, woti safunsa anadya phula.

Amayi akumpingo atamva anabwera kwanga ku Beaumont Leys. Tinaimba nyimbo zitatu za maliro, Mayi Tembo a ku Zambia aja n'kundipatsa duku lakuda. Pabwalo la ndege Tadala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, zakuda zokhazokha, n'kungopukusa mutu. Iye ankaganiza kuti ndikunyanyala chifukwa tikupita ku akachisi. Ine ndinkaganiza kuti ana obadwira kuno alibe chisoni, poti iye anali atavala zachikasu.

Kwawo kwa agogowo ndi tauni yakale yotchedwa Mandi, m'mapiri a Himalaya. Amayi, phiri la Dedza lija tinkalinyadira ndi chulu. Galimoto inakwera tsiku lonse, msewu wokhotakhota, woyendetsa akuimba hutala pakona iliyonse, ine ndikusanza m'jumbo n'kumapereka moyo wanga kwa Ambuye. Tauniyo ili m'mphepete mwa mtsinje, ndipo paliponse pamene ungaponye diso pali kachisi wamiyala, wina wakuda ndi ukalamba. Anyani amangoyenda pamadenga ngati eni nyumba, popanda wowagenda. Ndinakumbuka legeni yanu ija.

Titatsika kuti tiyende pansi, tinakumana ndi chikhamu. Ng'oma, malipenga aatali kuposa munthu, maluwa ali mbwee, amuna atanyamula machila paphewa, okutidwa ndi nsalu zofiira. Machila oyamba atadutsa ndinaweramitsa mutu. Kenaka achiwiri. Kenaka achitatu. Ndinati kalanga ine, kuno kwagwa mliri wanji? Pambuyo pake ndi pamene ndinauzidwa kuti inali sabata ya chikondwerero, ndipo pamachilapo panali milungu ya m'midzi yozungulira, imene amainyamula kuti idzachezerane m'tauni. Ikakumana amaiweramitsa uku ndi uku ngati ikupatsana moni. Koma nthawi imeneyo ine ndinkangoona maliro.

Rohan ataloza nyumba yawo, ndinachita zimene munandiphunzitsa. Munkati pamaliro salowa ndi maso ouma, kulira kumayambira kunjira. Ndinamanga chitenje, manja kumutu, n'kuyamba: "Mayo ine! Mayi wanga ine! Mwatisiyira yani?"

Tadala anaponya chikwama pansi. Oimba ng'oma ena anasiya kuimba. Anthu anatuluka m'mashopu. Ine ndinakweza mawu, poti ndinaona kuti pabanja ponsepo wolira ndine ndekha ndipo wina ayenera kuchotsa manyazi.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka agogo a Kamla, atanyamula mbale ya maswiti ndi kanyali, akumwetulira ndi mano awo atatu okha.

Amayi, bondo lija linachira nthawi yomweyo. Ndinathamanga. Anakandigwira ndi Rohan pafupi ndi wogulitsa tiyi, ndikukuwa kuti mzukwa.

Zinatenga nthawi kuti timvane. Tadala ankatanthauza kuti agogo anatisiya ku Leicester n'kubwerera kwawo Lachiwiri. Kumwamba kwa Rohan kunali kumapiri. Kumetako kunali kwa Esinati: kwawoko mwana amamumeta tsitsi lobadwa nalo kukachisi wa makolo, monga ife timachitira potulutsa mwana m'chikuta. Rohan atawamasulira, agogowo anaseka mpaka anakhala pansi pamasitepe. Akuti anafunsa ngati nyimbo za ku Beaumont Leys zinali zabwino, ndipo anadandaula kuti sitinawajambulire.

Aliyense ankaseka, inenso ndinkafuna kuseka, koma misozi inakana kuleka. Ndinali nditatsegula pakamwa chifukwa cha mwambo chabe, koma mawu amene anatuluka anali oti mayi wanga, ndipo mayi wanga ndi inu. Ndinalira pamasitepe a eni ake, m'dziko la eni ake, kulira kwa zaka zisanu. Tadala anasiya kuseka. Anawafotokozera apabanjapo za inu, za foni ija, ndi za kumeta kumene ndinakuphonya. Sindinkadziwa n'komwe kuti mwanayu ankazidziwa zimenezi. Agogo a Kamla anandikokera mutu pamiyendo pawo n'kumandisisita wigi.

M'mawa mwake tinapita kukachisi. Nsapato amavula panja, ndipo miyala yake imazizira ngati ayezi. Pakhomo pali belu loti aliyense aimbe polowa. Ndikuuziranitu, sindinagwadire chilichonse. Bondo linali litayambiranso, ndipo pemphero ndinapemphera lathu lomwe lija, chamumtima. Wometa anakhala pabwalo ndi lumo lake. Esinati anakuwa ngati mbuzi yogwidwa mwendo, azakhali ake akuwolera tsitsi pansalu, ena akuimba.

Atamaliza, agogo a Kamla anamugwira mkono wometayo kuti asapinde lumo. Anandiyang'ana, n'kuloza kampando. Rohan anati, "Akuti munabwera kudzameta, ndiye musabwerere osameta."

Ndinakhala pakampandopo. Nditavula wigi, wometa anabwerera m'mbuyo ndi mantha, poganiza kuti ndasenda mutu. Ndinaiika pakhoma. Lumo litangokhudza pamutu ndinatchula dzina lanu lonse, ndi la kumudzi kwathu, kuti mudziwe kuti ndi zanu. Tadala anagwada pambali panga atanyamula Esinati, n'kunena m'Chichewa chake chopindika chija kuti, "Pepani Mami, maliro." Ulendo uno sanalakwitse liwu.

Nditadzuka ndinamva mutu kupepuka, ndi pachifuwa pomwe. Ndinatembenuka kuti nditenge wigi, koma inali itapita. Inali padenga la kachisi, m'manja mwa nyani, akuifunafuna nsabwe. Anamunyengerera ndi nthochi, nthochi analandira, wigi anakana. Agogo a Kamla anati ndimusiyire, kumapiri kumazizira.

Choncho ndinabwerera ku Leicester ndi mpala, ine ndi Esinati ngati mapasa. Lamulungu ndinavala duku la Mayi Tembo lija n'kupita kutchalitchi, ndikuganizira mmene ndiwauzire kuti malemu aja akupereka moni. Mapemphero atatha anandizungulira, nkhope zachisoni. Mayi Tembo anasuzumira pansi pa duku n'kufunsa kuti, "Mwayenda bwanji kumaliro? Munameta?"

Ndinati, "Tinameta. Maliro atha."

Sindinaname, Amayi. Zinazo ndiwauza sabata yamawa, akayamba aiwalako nyimbo zitatu zija.

Tsitsi layamba kumera, loyera lokhalokha ngati lanu. Chilimwe chikubwerachi ndatenga kale holide. Ndibwera ndi Tadala ndi Esinati kudzasesa pamanda panu, ndipo ndikulonjeza kuti uthenga wonse wa ulendowu ndidzatumiza ndekha, Tadala asadzauze a Yohane kuti Mami atisiya.

Gonani bwino tsopano. Mlendo uja watsanzika.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Feliya