Amuna anga akufuna tinamizire matalala

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi nditafunda ambulera m'nyumba mwanga momwe. Musaseke, poti nanenso ndinaseka tsiku loyamba lokha.

Ine ndi amuna anga a Vernon takhala pabanja zaka zopitirira makumi anayi. Iwo atapuma pantchito tinagulitsa nyumba yathu ku Tulsa n'kugula galimoto yanyumba, ija yokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati. Ndiyo nyumba yathu tsopano, tilibenso ina. Kukazizira timatsikira kumwera, kukatentha timakwera kumpoto, ndipo sindinayambe ndadandaulapo. A Vernon anayendetsa basi ya ana asukulu moyo wawo wonse osaikala ngakhale pang'ono, ndipo aliyense amene anakhalapo nawo pansi kanthawi kochepa nkhani imeneyi amaidziwa.

Mwezi wathawu tikubwera kuno ku Amarillo, m'chigawo cha Texas, iwo anakumbukira kanjira kachidule kopita kumalo ena owotcha nyama komwe anadyako ali mnyamata. Kanjirako kamadutsa pansi pa mlatho wakale wa njanji. Ine ndinaona chikwangwani chachikasu ndipo ndinati, "Vern, apo alemba mafiti 11. Galimoto yathutu ndi 12." Iwo anati, "Loretta, anthu aja amachotserako dala poopa milandu. Tidutsa, mpata n'kutsala." Aphungu, phokoso lake sindidzaliiwala. Zinali ngati chimphona chikutsegula chitini cha nsomba. Makina oziziritsa mpweya omwe amakhala padenga anatsala pamsewu, ndipo labala wa dengalo anasendeka kuyambira pamwamba pa khitchini mpaka kuchipinda. Titaima, a Vernon anatuluka, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenaka anati, "Mlathowu autsitsa." Nyamayo sitinadye.

Titafika pamalo oimikapo magalimoto anyumba pomwe tili panopa, iwo anakwera padenga ndi tenti yabuluu ndi tepi wambirimbiri. Tangoganizani, munthu wa zaka 71, bondo limodzi lachitsulo, ali pamwamba, mphepo ya kuno imene imaulutsa ndi mipando yomwe ikuwomba. Ine pansi ndagwira makwerero, ndikupemphera. Ku inshuwalansi sanaimbe. Ndikawakumbutsa ankangoti, "Mawa."

Ndiye patapita masabata angapo kunagwa matalala. Sanali aakulu, ongofanana ndi nsawawa, koma a Vernon anaima pakhomo akumwetulira ngati mwana waona keke. Itangokata mvulayo kunabwera a Hoyt, oyandikana nawo athu pano, bambo ovala chipewa chachikulu omwe amadziwa chilichonse kupatula kukhala chete. Anati, "Vern, Mulungu wakuyankha. Imba foni, unene kuti ndi matalala. Matalala alibe mwini, palibe akufunse kuti ankayendetsa ndani. Msuweni wanga anatero, pano ali ndi denga latsopano." Ine ndinati, "A Hoyt, ndi matalala anji amene amasenda denga mzere umodzi n'kusiyapo dzimbiri la mlatho?" Anati, "Mayi, kuno ku Texas matalala amachita zodabwitsa."

Kuyambira tsikulo amuna anga akundiphunzitsa zoti ndikanene. Pa chakudya cham'mawa amandifunsa ngati loya: "Loretta, tsiku limenelo unamva chiyani?" Ndimati, "Ndinamva mlatho." Amamenya tebulo: "Iyayi! Unamva matalala. Tiyambirenso."

Pamene tikukangana chonchi madzi akulowa. Tenti ija imangokupiza ngati mbendera, ndipo mvula ikagwa imadontha mbali yanga ya bedi, yawo ili youma bwinobwino. Mapoto anga onse ali pantchito yotchera madzi, moti tikungodya masangweji. Kudenga kwayamba banga lomwe likukula, ndipo ndikadina ndi chala pakulowa ngati buledi. M'kabati ya zovala mwayamba kununkha chuku.

Dzana ndinawafunsa mofatsa: "Vern, chikukuopsa n'chiyani kwenikweni? Ndalama?" Anazunguza kapu ya khofi patebulo. Kenaka anati, "Denise akamva, andilanda makiyi." Denise ndi mwana wathu wamkazi, namwino ku Tulsa. Chiyambire sanafune kuti tizikhala pamsewu, ndipo anatikonzera kale chipinda chapansi kunyumba kwake, makatani ndi zonse. Akaimba foni funso lake loyamba limakhala lakuti, "Adadi maso awo akuonabe bwinobwino?" A Vernon anati, "Mukandiika m'chipinda chimene chija, Loretta, ndizingodikira maliro anga." Apo ndiye kuseka kunandithera, chifukwa chipinda chimenecho nanenso sindichifuna.

Aphungu, sindinanamizepo anthu a inshuwalansi ndipo sindikufuna kuyamba ndili ndi imvi. Komanso sindikufuna kukhala mkazi amene ananeneza mwamuna wake mpaka kumulanditsa chiwongolero. Ndiimbe ndekha mobisa? Ndingokhala chete iwo aname okha? Nanga a inshuwalansi akatikaniza poti olakwa ndi ife, dengali tilitani? A Hoyt akuti angathe kulimata okha ndi ndowa ya phula loyera Loweruka likubwerali, tingowagulira mowa.

L.B., Amarillo

Mayi L.B.,

Choyamba, mowawo a Hoyt muwagulire ngati mumawakonda, koma padenga asakwerepo. Amuna anunso atsike. Denga limagulidwa, msana wa munthu wa zaka 71 sugulidwa.

Tsopano nkhani ya matalala. Iiwaleni. Munthu amene kampani idzatumize kudzaona dengalo amaona madenga tsiku ndi tsiku. Matalala amasiya timaenje ponseponse, mlatho umasiya mzere, ndipo inuyo kusiyana kwake mwakuona musanaphunzire n'komwe ntchitoyo. Akakugwirani bodza sikuti angokana kulipira basi. Atha kuthetsa inshuwalansi yanu yonse, dzina lanu n'kuipa kumakampani ena, mwinanso nkhani n'kufika kupolisi. Ndipo musaganize kuti mukakhala chete ndiye kuti mwapulumuka. Ngati dzina lanu lili pamapepalawo, adzakufunsani inunso.

Chimene a Vernon sakuchidziwa, kapena manyazi awaiwalitsa, n'chakuti anthu amadula inshuwalansi chifukwa cha zopusa zomwe amachita okha. Tulutsani mapepala anu muwerenge. Ngati munadula ija yoteteza galimoto ikagunda chinthu, kugunda mlatho kuyenera kukhala momwemo, ngakhale wolakwa atakhala woyendetsa. Mudzalipira gawo lanu lomwe munagwirizana, ndipo mwina chaka chamawa adzakukwezerani mtengo. N'zowawa, koma sizipha. Chimene chingakutayitseni zonse ndi "mawa" wa amuna anuyo. Makampani ambiri amafuna kuuzidwa msanga, ndipo zimene zaola chifukwa chozengereza amakonda kuzikana. Banga lofewalo likutanthauza kuti matabwa a pansi pa labala ayamba kumwa madzi. Imbani lero.

Musanaimbe, jambulani zithunzi: banga, kabati, makina aja ngati munawatola, ndi denga lenilenilo, koma wokwera akhale wina wa mawondo ake obadwa nawo. Bwererani kumlathoko mukajambulenso chikwangwani, ndipo mufunse kupolisi ya deralo ngati mumayenera kunena za ngoziyo, popeza mlatho nawo uli ndi eni ake. Itanani wodziwa ntchito aphimbe dengalo mongoyembekezera, lisiti musunge. Koma kukonza kwenikweni kudikire mpaka munthu wa kampani ataona. Phula la a Hoyt libisa umboni n'kutsekera chinyezi m'kati, chaka chamawa denga n'kukugwerani pabedi. Pitani kugalaja yokonza magalimoto anyumba, osati ya magalimoto wamba, akayeze chinyezi ndi kukulemberani zonse zofunika: labala, matabwa, makina. Zomwe kampani yanena kuti ilipira zikachepa, musasaine mothamanga. Aonetseni pepala la kugalajalo, mukambirane. Ndipo popeza galimotoyo ndiyo nyumba yanu, funsani ngati amalipira malo ogona pamene ikukonzedwa.

Koma inu ndi ine tikudziwa kuti nkhani yaikulu si denga. Musaimbe mobisa. Amuna anu akuululirani mantha awo, ndipo mukawazembera lero sadzakuululiraninso. Auzeni poyera kuti bodza simunena, koma chiwongolero mudzawamenyera nkhondo. Ndiye mukayezetse maso nonse awiri, kuti asamve ngati akuzengedwa mlandu. Dokotala akati ali bwino, Denise mumuuze nokha asanamve kwina: bambo ake chikwangwani anachiona, mkazi wawo akuwerenga anamumva, n'kusankha kukangana ndi mlatho. Amenewo si matenda a maso, ndi liuma, ndipo liuma silichira ndi chipinda chapansi. Dokotala akanena zina, mumvereni, inu muyambe kuphunzira kuyendetsa, ulendo upitirire. Lembani kutalika kwa galimotoyo ndi zilembo zikuluzikulu pafupi ndi chiwongolero, ndipo mugwirizane lamulo limodzi: wokhala pampando winawo akati "ima", galimoto iime, mikangano pambuyo.

Ndikuchenjezeni chimodzi: zokambirana za pafoni makampani amenewa nthawi zambiri amazijambula, ndipo mawu oyamba ndi amene amakutsatani. Aimbe ndi a Vernon, poti ndiwo ankayendetsa, koma inu mukhale pambali pawo, khutu lili tcheru. Mukangomva akuyamba ndi "Tsiku limenelo kunja kunali mitambo," alandeni foniyo.

Aphungu