Nanenso Ndasesa, Daniel

Chilomoni,
Blantyre.

Wokondedwa mwana wanga Daniel,

Ndine bambo ako, Januario Alufandika. A kuparishi amati ndili ndi zaka 79, ndipo mawondo anga akuvomereza. Dzanja lolembali ndi la a Magdalena a kumphakati kwathu, poti ine pensulo ndimaidziwa pojambula mzere pathabwa basi. Koma mawu onse ndi anga. Ndawauza kuti asakometse kanthu.

Kaya uli bwanji ku Joniko? Kuzizira kuja kunatha? Kuno tadzuka. Ana ako, Tionge ndi mng'ono wake, akupita kusukulu. Mvula ikugwa bwino, ngakhale yakumba msewu wathu mpaka maminibasi akutitsitsira kumtunda.

Uwerenge pang'onopang'ono monga ndikuyankhuliramu. Usathamangire kumapeto.

Ukudziwa kuti mkazi wako Jennifer anasiya tchalitchi chathu n'kuyamba kupemphera kufelosipu ina ya ku Kameza. Kumeneko abusa awo anawaphunzitsa kuti katundu wakale ndi mpando wa mizimu. Akuti dalitso lili ngati mlendo, likapeza nyumba yodzaza mopanda pokhala limabwerera pakhomo.

Anayamba ndi zake. Nsapato zakutha, mapoto obooka, mabotolo, zonse kudzala. Ine ndinamuyamikira. Mphemvu zinachepa, makoswe anasamukira kwa aneba.

Kenaka anafika pabalaza. Wayilesi yanga yakufa ija inapita. Mpando wandalema unapita. Ndinangoti palibe kanthu, ndizikhala pakhonde.

Atatero analowa kuchipinda kwanga osaodira n'komwe, n'kukoka sutikesi ya malemu mayi ako, a Bernadeta. Munali nsalu yawo ya Amayi Akatolika, kolona, ndi kachifanizo ka Amayi Maria kothyoka dzanja kaja. Jennifer anati amenewo ndi mafano. Ndinamukumbutsa mofatsa kuti mwini wake wa zinthuzo ndi amene anabereka mwamuna wake. Anandiyankha akuseka kuti akufa savala zitenje, ndipo ngati apongozi ake akuzifuna abwere adzatenge okha.

Zipangizo zanga, pulena, sowo ndi matchizulo, anapatsa anthu ogula zitsulo zakutha oyenda ndi wilibala aja. Nditadandaula anandiyang'ana manja n'kundifunsa kuti ndi kunjenjemera kumeneku pulena ndipala nayo chiyani, ndevu?

Zonsezi ndinameza. Tsopano ndifike pa matabwa.

Ife akalipentala akale a ku Chirimba tinali ndi lamulo lathu, lakuti mmisiri sagonekedwa m'bokosi logula m'mbali mwa msewu. Amasankha yekha matabwa ake maso akuonabe. Ine ndinagula chipika chimodzi cha mlombwa nthawi imene mlombwa unkapezeka, n'kuchichekesa. Theka lake ndi limene ndinakhomera bokosi la mayi ako, lija tinapita nalo kwathu kwa Tengani ku Nsanje. Theka linalo ndinaliika pamitanda ya denga kuchipinda kwanga. Chilimwe chilichonse ndinkawatsitsa, kuwapukuta, kuwatembenuza kuti asapindike. Ndinkafuna kuti ine ndi mayi ako tidzagone mumtengo umodzi, pamalo amodzi.

Jennifer atawaona anandifunsa kuti ndi a chiyani. Ndikanangoti ndi a chitseko, bwenzi alipo mpaka lero. Koma ndinamuuza zoona.

Anakuwa ngati waponda njoka. Akuti zaka zonsezi akhala akugona ndi imfa pamutu. Akuti n'chifukwa chake mapepala ako sakutuluka ku Joniko, n'chifukwa chake Tionge analephera mayeso, n'chifukwa chake bizinesi yake ya kaunjika siyenda. Ndinamuuza kuti thabwa silidziwa masamu. Sanamve.

Pomwepo anakuimbira foni n'kukweza mawu kuti nane ndimve. Ndinamva, Daniel. Makutu anga sanakalambe ngati mawondo. Unati ababa akalamba, asamakuvutitse, chotsa zonse. Unati bokosi mudzagula lonyezimira la kushopu. Iye atatchula za ku Nsanje, unati manda ndi manda, galimoto yopita kwa Tengani ndi yodula, adzangoikidwa konkuno. Sunapemphe n'komwe kuti andipatse foniyo.

Loweruka lake kunabwera anzake a kufelosipu atavala zoyera, akuimba. Anakwera patebulo n'kuyamba kutsitsa matabwa. Ine ndinagwira limodzi kumapeto, ndi manja onjenjemera omwewa. Bambo wina wa tayi anandimasula zala chimodzichimodzi uku akunena kuti pepani agogo, tikukumasulani ku unyolo.

Ndinapempha kuti bola awagulitse, munthu apangire kabati. Jennifer anati chotembereredwa sichigulitsidwa.

Anawaotcha kuseri, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Mlombwa wouma suthamanga poyaka, ndipo utsi wake umanunkhira. Aneba anatuluka kudzaonerera. Nyimbo zitatha, makala anali abwino kwambiri moti mayi wina anathamangira kwawo kukatenga chimanga chachiwisi. Anaotcha, anagawana. Anandipatsako kachidutswa nane, akuti agogo asatsalire pa madalitso.

Madzulo ake anandisamutsira kukachipinda kakuseri kosungiramo makala, poti chipinda changa anachipaka laimu kuti chikhale chopemphereramo. Lamulungu Jennifer anakachitira umboni kuti wagonjetsa imfa m'nyumba mwake. Wina anamujambula pafoni, zinazungulira Chilomoni yense. Pano ndikamadutsa pamsika mavenda amandikuwiza kuti agogo a bokosi, mwakonzeka?

Tsopano tamvera, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani.

Jennifer sananame ayi. M'kachipinda kaja ndinatsala ndi mphasa, bulangete, kapu ndi malaya awiri. Masiku oyamba ndinkangoyang'ana khoma. Kenaka ndinazindikira kuti chifuwa chimene chinkandivutitsa chasiya. Fumbi kulibe. Tulo tikubwera. Kolona ndimapemphera ndi zala, ndipo maganizo sathawiranso kudenga kukaona ngati chiswe chalowa m'matabwa. Ndinaona kuti zaka zonsezi ndinali mlonda wa katundu, wosalipidwa. Mtima unapepuka ngati wa munthu amene watula mtolo wa nkhuni wochokera nawo kuphiri la Michiru.

Ndiye ndinadzifunsa kuti kodi chakale chimene chatsala, chondilemerabe, n'chiyani?

Ndinapeza ziwiri. Choyamba ndi nyumbayi. Njerwa zake tinaumba ndi mayi ako iwe usanabadwe. Malata adzimbiri, khoma lakummawa lang'aluka, mvula ikagunda ine mtima m'mwamba. Pa zinthu zonse za pano, palibe chakale kuposa imeneyi.

Chachiwiri ndi chiyembekezo changa pa iwe. Ndinkachipukuta ndi kuchitembenuza chaka ndi chaka, kuti Daniel adzabwera, Daniel adzandiperekeza kwathu. Nacho chinali kungodya malo.

Ndinakwera minibasi kupita ku Chirimba kwa Laurenti. Sumudziwa bwino. Ndi amene ndinamuphunzitsa ukalipentala, pano ali ndi shedi yakeyake ndi antchito. Ndinamufotokozera zonse. Analira, munthu wa imvi kale. Kenaka tinakambirana ngati amuna.

Tagwirizana chonchi. Laurenti watenga nyumba ndi puloti yomwe. Iye wandipatsa chipinda kuseri kwa shedi yake ndi chakudya mpaka tsiku langa. Wapeza mlombwa, sindinamufunse kuti kuti. Ndinagona chagada pansi pa shedi, anandiyeza ndi tepi, ndipo wayamba kale kupala ine ndikuyang'anira, chifukwa pa makona amafulumira mpaka lero. Tsiku likadzafika adzandikweza palole yake mpaka kwa Tengani, pambali pa mayi ako.

Tinapita kwa wapampando wa dera lathu ndi mboni, a Magdalena anali pomwepo. Ndinadinda chala. Puloti inali m'dzina langa, paja sunapezepo nthawi yobwera kuti tisinthe. Laurenti akuti mvula ikangotha agwetsa nyumbayi n'kumangapo zipinda za lendi.

Jennifer ndinamuuza dzana ali m'chipinda chake choyera. Poyamba anaseka, akuti ababa mwayamba kusokonezeka mutu. A Magdalena atavomereza kuti n'zoona, anakhala pansi. Kenaka anagwada. Chilowereni pakhomo pano pamene tinamulowola, sindinaonepo mawondo ake akugunda pansi chifukwa cha ine. Anandigwira mwendo n'kumati ababa, adadi, ndipita kuti ndi ana? Ndinamuuza kuti asaope, katundu wake ndi wochepa, sadzavutika kusamuka.

Anzake a zoyera aja anawaimbira foni. Akuti amupempherera.

Za ana zikundiwawa, sindikubisa. Tionge sanandipatse moni chiyambire dzana, amangondidutsa ngati chitsa. Usiku ndimamva wamng'onoyo akufunsa mayi ake ngati kumene akupitako kuli sukulu. Koma anawa ali ndi bambo, ndipo bambo wawo ali moyo, amadya, ali ndi foni. Ine ndinalera wanga, ndinamaliza.

Usaganize kuti ndachita izi ndi mkwiyo. Mkwiyo nawo ndinautaya. Ndikadzuka m'mawa ndimapeza mumtima muli mbee, mopita mphepo. Sindikusungira mangawa, sindikusungira kanthu kalikonse.

Pa maliro anga usadzavutike ndi thiransipoti kapena kupempha tchuthi kwa abwana ako. Zonse zakonzedwa. Udzangomva.

Chimene ndikupempha n'chimodzi. Undiyankhe, undiuze kumene mkazi wako ndi ana ako apite. Kaya ubwera kudzawatenga, kaya uwapezera nyumba ya lendi ku Machinjiri, kaya abwerera kwa makolo ake, unene ndiwe mwini wake. Usaimbe, kafoni kanga ndinapatsa munthu. Ulembe papepala ndi dzanja lako, lija ndinalilipirira sukulu, utumize kwa a Magdalena kudzera kwa oyendetsa mabasi. Adzandiwerengera ku Chirimba, poti ine ndikusamuka mawa.

Upereke moni kwa msuweni wako Hawkins ndi banja lake. Umuuze kuti amalume ake ali bwino kuposa kale. Ambuye akusunge, akupatse mapepala ako, akudalitse pa ntchito ya manja ako.

Yankha msanga, mwana wanga. Mitambo yayamba kale kupepuka, ndipo Laurenti wagula kale simenti.

Ndine bambo ako,
Januario Alufandika