Timapiritsi Toyera ta Ababa

Lolemba, 10 Febuluwale

Kutentha. Dar es Salaam mwezi uno ngati m'chisakasa chokazingiramo tchipisi. Ndasamba kawiri, phindu palibe. Mwanaisha, mnzanga wa m'chipinda, wapitanso kwa abale ake ku Kinondoni. Bedi lake ndi poyanika zovala basi.

Chaka chachiwiri cha maphunziro a za mankhwala, koma odziwa kutchula dzina langa m'kalasi sakwana atatu. Tusajigwe lawakanika. Amangoti wa ku Mbeya uja. Masana mpunga wa nyemba, ndekha, pakona. Ndinayesa kukhala ndi atsikana obadwira mumzinda muno. Nkhani zawo tsitsi ndi mafoni. Ndinkaseka ena akaseka, mochedwerapo pang'ono. Mayeso pa 28.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Amayi aimba. Kwathu ku Tukuyu mvula, nthochi zitatu zagwa ndi mphepo. Moni asanathe, ntchito: make Lutufyo ali pomwepo, mwana akutsegula m'mimba, amwe chiyani? Chasanduka chizolowezi. Mudzi wonse umabwera pakhonde pathu ndi matenda ake, ine kuno kuyankha ngati wa pa wailesi. Ndinanena za madzi a mchere ndi shuga, ndi kuti athamangire naye kuchipatala. Ndinamva amayi akulengeza kuti dokotala wanena.

Sindine dokotala. Sindidzakhala dokotala. Ndawauza kakhumi kuti ntchito yanga idzakhala pa zenera loperekera mankhwala. Koma m'kabuku muno ndinama kwa ndani? Zimandikomera. Mphindi zisanu pa sabata ndimakhala munthu wofunika, kenako ndibwerere pakona panga.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Amayi aimbanso madzulo ndikuchapa koti ya ku labu. Ababa anapita kukayezetsa, magazi akuthamanga kwambiri. Namwino wati mapiritsi a kuthamanga kwa magazi azimwa awiri m'malo mwa limodzi, a shuga asasinthe. Vuto: timatumba ta mapiritsi tolembedwa mayina tinanyowa kalekale, amayi anakhuthulira zonse m'kabotolo kamodzi. Zonse zoyera. Ndiye awonjezere ati?

Ndinati afotokoze. Ena ataliatali, ena ang'onoang'ono okhala ndi mzere pakati. Sindinachedwe n'komwe. Ang'onoang'ono a mzere ndiwo a magazi, ndawagwira ndi manja angawa ku labu mwezi watha. Mawa m'mawa amwe awiri.

"Mwaona? Chipatala tili nacho m'nyumba," anatero amayi kwa ababa. Ndinayanika koti ndikuimba nyimbo ya ku kwaya.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ndilembe bwinobwino.

Phunziro la 8 koloko, mphunzitsi wake mayi Kileo, aja osaseka. Anaika mbale patebulo, mapiritsi asanu ndi limodzi, onse oyera, ang'onoang'ono, a mzere pakati. Aliyense alembe mayina ake. Tonse tinalemba, ine woyamba kumaliza, kudzikonda. Anatolera mapepala osawerenga, n'kuponya m'bini. Akuti yankho loona linali kukana. Atatu mwa mapiritsiwo anali mankhwala amodzi a makampani osiyana, ena a shuga, a khunyu, a magazi. "Piritsi likachoka m'kathumba kake lilibe dzina. Woloza ndi maso ndi wakupha wovala zoyera."

Ndinatuluka osapempha. Foni ya amayi kuitana mpaka kuduka. Kasanu ndi kawiri. Ababa amamwa mankhwala mbandakucha, n'kupita kumunda wa nthochi osadya kanthu, tiyi amamwa akabwerako. Moyo wawo wonse. Ndinkazidziwa zimenezi dzulo.

12 koloko wayankha mchimwene wanga Gwamaka. Ali kuchipatala. Ababa anawapeza atagwa pakati pa nthochi, thukuta thupi lonse, sakuzindikira munthu. Anawanyamula pa njinga yamoto, atatu pampando. Shuga anatsika kwambiri. Awaika diripi.

Anali a shuga. Ang'onoang'ono aja anali a shuga.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Atsitsimuka. Akulankhula, akudandaula kuti phala la m'chipatala lilibe mchere. Ndinalira m'bafa, pompi ili chotsegula, ngakhale panalibe woti andimve. Mwanaisha anabwera kudzatenga nsapato, anafunsa ngati ndili ndi chimfine. Ndinati inde. Akuti ndimwe tiyi wa jinja, n'kutuluka.

Dokotala anafunsa kuti anasokoneza mapiritsi ndani. Gwamaka akuti amayi anayankha msangamsanga kuti ndi iwowo, maso akukalamba. Gwamaka sakudziwa kanthu. Wandiuza ngati nkhani wamba, n'kuwonjezera kuti ndikanakhalapo ine sizikanachitika. Ndinangoti mm.

Lamulungu, 23 Febuluwale

Kutchalitchi sindinapite. Buku lili chitsegulire pa tsamba lomwelo kuyambira m'mawa.

Azakhali a Ndigwako, alongo awo a ababa, achita zawo. Ababa atatulutsidwa anawatengera kunyumba kwawo kutauni, osati kwathu. Akuti mlongo wawo sangamusiye m'manja mwa mkazi wosadziwa kuwerenga, lero wamugwetsa m'munda, mawa amuika m'manda. Ananena pagulu, pa geti la chipatala, anthu a m'mudzi mwathu akumva. Amayi anabwerera okha pa basi ndi chikwama cha zofunda. Zaka makumi atatu ndi ziwiri m'banja.

Azakhali omwewa ndiwo anayenda khomo ndi khomo pa mtundu wathu kusonkhetsa ndalama kuti ine ndibwere kuno. Pa ukwati uliwonse amandiimiritsa kuti anthu aone. Mwana wathu wa mankhwala. Ine n'kumwetulira ngati mbuzi ya pa chionetsero.

Ndaimbira amayi. Ndinati ndiulula. Sanandilole n'kumaliza komwe. "Iwe, tseka pakamwa pako. Ine azakhali akowo anayamba kunditukwana usanabadwe, khungu linakhwima. Iweyo akakutaya upita kuti?" Kenako anayamba za nkhuku yomwe yaswa anapiye asanu. Mawu awo ngati akulankhulira m'mbiya. Nyumba ija ilibe munthu.

Ndikudana nawo pang'ono chifukwa chondikonda chonchi. Ndalemba, sindifufuta.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Masiku atatu osalankhula ndi munthu, kupatula kondakitala wa daladala, minibasi za kuno. Amayi sakuimba. Palibenso wobwera pakhonde ndi matenda, akuti anthu akuopa nyumba ya mkazi wosokoneza mankhwala. Gwamaka wanditumizira uthenga: ku msonkhano wa amayi a mpingo anawachotsa pa gulu loyendera odwala. Mwaulemu, akuti apumuleko.

Lero ndinaima pakhomo pa ofesi ya mayi Kileo. Ndinafuna munthu mmodzi yekha andikalipire. Anatsegula chitseko, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anafunsa ngati ndine wa chaka choyamba. Ndinati ndasochera. Anandilozera njira ya ku laibulale.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Ababa aimba okha. Koyamba chiyambire. Anatuluka kuseri kwa nyumba ya azakhali, ndimamva nkhuku ndi wailesi ya oyandikana nawo. Akuti akudya bwino koma nthochi za kumeneko amaphika ngati akulanga munthu. Ndinaseka, kenako zinangotuluka zokha. Ndinati ababa, sanali amayi. Ndine ndinanena.

Ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka.

"Ndikudziwa. Ndinali pomwepo, foni ya amako imalankhula ngati mlaliki. Tinagwirizana m'chipatala muja, ine ndi iwo. Iwe werenga."

Ndiye akudziwa. Akhala pa mpando wa azakhali masiku onsewa, akumva mkazi wawo akunyozedwa m'mawa ndi madzulo, iwo n'kumamwa tiyi. Chifukwa cha ine. Akuti apirira mwezi umodzi, mkwiyo wa azakhali ukazizira abwerera kwawo, anthu adzaiwala. Anthu a kwathu kuiwala? Mpaka lero amakumbukira amene anabwera mochedwa pa maliro a agogo.

Onse awiri andinyamula ngati dzira. Sindinakhalepo ndekha chonchi.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Mayeso ndalemba. Mwina ndakhoza, sindikudziwa, sizikundikhudza. Kuchoka m'holo ndinalunjika kukagula tikiti ya basi ya ku Mbeya. Mpando wa pazenera, mawa. Ndagulanso timabotolo tiwiri ta zivindikiro zosiyana, chofiira ndi chobiriwira, ndi cholembera chosafufutika. Mayina ndikalembera kuchipatala komweko, wopereka mankhwala akuona.

Pafoni sindingathe. Azakhali ndikawauza maso ndi maso, pakhonde pawo, Gwamaka alipo, oyandikana nawo alipo. Ananyoza pagulu, amve pagulu. Akafuna kuchotsa dzanja lawo pa maphunziro anga achotse.

Amayi ndawauza. Ndimaganiza alira. Ayi. Mawu owuma gwa. Akuti manyazi onse awasenza sabata ino ndikufuna kuwasandutsa achabechabe. "Ukabwera ndi nkhani imeneyo, Tusajigwe, usafikire pakhomo panga." Anadula ndi iwo.

Chikwama ndalongedza. Mwanaisha ndamusiyira kapepala pa bedi, kaya akaona liti. Basi inyamuka 6 koloko m'mawa, Tukuyu tikafika kutada. Sindikudziwa ndikagona kwa ndani.